Akuti eni ake a McDonald's analandidwa dzina lawo lomwe, zinayenda bwanji?

Nangondo, Limbe

Moni nonse. Ndili ndi funso, koma ndiyambe ndafotokoza kumene likuchokera.

Ndili ndi kamalo kogulitsira chipisi ndi maburger ku Limbe kuno, chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Ndinayamba ndi chiwaya chimodzi ndi benchi, lero tili ndi matebulo asanu ndi antchito anayi. Mbatata ndimaoda kwa anthu a ku Tsangano, mabanzi amandiphikira mayi wina wa ku Bangwe m'bandakucha, nyama ndimakagayitsa ndekha ndikuona ndi maso angawa. Sosi ndiye chuma changa. Ndimapanga usiku kunyumba, ndipo ngakhale antchito sadziwa zonse zimene ndimathiramo.

Tsono alamu anga, ang'ono awo a bambo a kunyumba, apuma pantchito ndipo alandira kandalama kawo. Akufuna atsegule malo ngati anga ku Zomba, dzina lomweli, penti yomweyi, sosi yemweyu, ndiye mwezi ukatha azindipatsa kangachepe. Zolemberana akuti n'zosafunika chifukwa ife ndi amodzi. Nditamuuza mwana wanga wa ku koleji anangoti, "Amayi samalani, eni ake a McDonald's anayamba choncho, mapeto ake analetsedwa kulemba dzina lawo lomwe pa shopu yawo." Usiku umenewo tulo sindinatione.

Ndiye inu amene mukuidziwa bwino nkhaniyi, ndi zoona? Munthu angalandidwe bwanji dzina lobadwa nalo? Anaberedwa kapena anagulitsa okha? Chonde ndifotokozereni bwinobwino, alamu akubwera Loweruka kudzamva yankho.

Amalume a ku Joni

Achemwali, mwana wanuyo sananame, kungoti wakupatsani mchira wa nkhani, mutu wausiya. Ine ndagwira ntchito m'makhitchini a maburger kuno ku Johannesburg zaka 11, kuyambira kukolopa mpaka kuyang'anira shifiti, ndipo mbiri imeneyi ndinaitsata chifukwa ndinkafuna kudziwa amene anayambitsa kagwiridwe kantchito kamene kamandidyetsa.

Anali anthu awiri apachibale, Richard ndi Maurice McDonald. Mu 1940 anatsegula malo odyera ku San Bernardino, ku California. Masiku amenewo munthu ankangoimika galimoto panja, atsikana n'kubwera kudzafunsa chimene akufuna, n'kumubweretsera m'galimoto momwemo. Atsikanawo analipo pafupifupi 20, zakudya mitundu 25, zambiri za nyama yootcha. Ndalama zinkalowa ndithu. Koma mbale zinkasweka, mafoloko ankasowa, ophika ankasiya ntchito pafupipafupi, ndipo anyamata ankadzaza pamalopo kudzacheza ndi atsikana aja, mabanja n'kumapalambalala.

Mu 1948 anakhala pansi n'kuwerengera malonda awo a m'mbuyo. Anapeza kuti pa madola 100 aliwonse olowa, pafupifupi 80 ankachokera ku hamburger basi. Apa ndi pamene ine ndimawavulira chipewa, chifukwa anatseka malo amene ankapanga phindu, miyezi itatu yathunthu. Inu mungatseke ku Limbe miyezi itatu makasitomala akubwera? Potsegulanso mu December, atsikana kunalibe, mbale kunalibe, mipeni ndi mafoloko kunalibe. Zakudya ndi zakumwa zonse pamodzi zinatsala zisanu ndi zinayi. Burger ankaikulunga m'pepala, munthu ankadzitengera yekha pawindo, ndipo mtengo anaudula pakati, kuchoka pa masenti 30 kufika pa 15. Iliyonse inkathiridwa zofanana: tomato sosi, mustard, anyezi ndi tizidutswa tiwiri ta nkhaka za mu viniga. Njirayi anaitcha Speedee Service System. Pamene ankakonza mapulani a khitchini yatsopano anaijambula ndi choko pabwalo la tenesi kunyumba kwawo, antchito n'kumayeserera kuphika pamalo opanda kanthu, mpaka aliyense atapeza poima posagundana ndi mnzake.

Choko chimenecho ine ndimayendamo tsiku lililonse. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, mmodzi ali pachitsulo chootchera nyama ndipo sayang'ana kwina. Wina akungowotcha mabanzi. Wachitatu ali ndi chida chothirira sosi chimene ukachifinya kamodzi chimatulutsa muyezo womwewo, kaya dzanja lako ndi lolemera kaya lopepuka. Chipisi chikapsa belu limalira, palibe zolawa. Mnyamata amene watsika basi dzulo kuchokera ku Nkhata Bay, sabata isanathe akhala akupanga burger yofanana ndi yanga ine wa zaka 11. Luso linachoka m'manja mwa wophika n'kulowa m'kakonzedwe ka khitchini. N'chifukwa chake bizinesiyi inatheka kuikopera kwina, ndipo n'chifukwa chakenso eni ake anatheka kuchotsedwamo osagwetsa kanthu.

Ray Kroc anafika mu 1954 ali ndi zaka 52. Ankagulitsa makina opangira milkshake otchedwa Multimixer, ndipo malonda ake anali akutsika. Anadabwa kumva kuti kamalo kamodzi ka ku San Bernardino kali ndi makina asanu ndi atatu, pamene amodzi okha amapanga makapu asanu nthawi imodzi. Anapita kukaona, anapeza mzere wa anthu. Abale aja anali atayamba kale kugulitsa kwa ena chilolezo chotsegula malo odyera ndi dzina lawo ndi njira yawo. Woyamba anali Neil Fox wa ku Phoenix mu 1953, ndipo nyumba yakeyo ndi imene inayamba kukhala ndi zipilala zachikasu zokhota zimene zinadzakhala chizindikiro cha McDonald's. Koma iwo za maulendo sankazifuna, anali okhutira ndi zimene ankapeza. Anamulola Kroc kuti akhale wogulitsa chilolezo m'dziko lonse la America. Iye anatsegula malo ake oyamba ku Des Plaines, kufupi ndi Chicago, pa 15 April 1955, ndipo tsiku loyamba anagulitsa madola 366 ndi masenti 12.

Za ndalama ndiwasiyire odziwa masamu. Ine ndimangoti mu 1961 abalewo anagulitsa zonse, dzina lomwe, atasaina okha.

Kondwani, Area 47

Amalume afotokoza bwino za khitchini. Ine ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za makampani, ndiye ndiloleni nditenge pamene asiyira. Mayi, mbali imene ikukukhudzani kwambiri inu ndi ino.

Mgwirizano wa Kroc ndi abale aja unali woipa kwa Kroc, anthu ambiri sadziwa zimenezi. Wofuna kutsegula McDonald's ankalipira madola 950 poyamba, kenaka 1.9 pa 100 iliyonse ya malonda ake. Pa 1.9 imeneyo, 0.5 inkapita kwa abale, 1.4 kwa Kroc. Tiyerekeze shopu yagulitsa madola 100,000 pachaka. Kroc alandirapo 1,400 yokha, ndipo pomwepo alipire antchito oyendera mashopu, maulendo ndi ofesi. Abale alandira 500 ali khale ku California. Mashopu ankachuluka, koma Kroc ankamira m'ngongole.

Kuonjezera apo, pepala linkati chilichonse chosintha pa mapulani chiyenera kuvomerezedwa ndi abalewo polemba kalata. Nyumba anaijambulira nyengo yotentha ya ku California, pamene ku Illinois kumagwa chipale ndipo pankafunika chipinda chapansi choikamo ng'anjo yotenthetsera nyumba. Kroc mwiniyo ankadandaula kuti pafoni ankamuvomera koma kalata osalemba, ndiye pamapepala iye ankaoneka wophwanya mgwirizano. Anapezanso kuti abale anali atagulitsa kale chilolezo cha dera la Cook County, kumene kuli Chicago, kwa kampani ina ya ayisikilimu pa madola 5,000, ndipo anachita kuchiwombola pa 25,000. Chidani chinayambira pa zinthu ngati zimenezi.

Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Harry Sonneborn, amene anagwirapo ntchito ku kampani ya Tastee-Freez, anamuuza Kroc kuti ndalama azifune pa malo. Mu 1956 anakhazikitsa kampani ina yapadera, Franchise Realty Corporation. Kampaniyi inkapeza malo abwino, n'kusaina lendi ya zaka 20 ndi mwini malo, kenaka n'kubwereketsanso malowo kwa wotsegula shopu pa mtengo wokwererapo, poyamba ndi 20 pa 100, pambuyo pake 40 pa 100. Malonda akakwera kwambiri, lendi inkawerengedwa pa malondawo. Patsogolo anayamba kugula malowo n'kukhala awo.

Taonani zimene zinasintha. Lendi imabwera mwezi ndi mwezi, ndipo mabanki amakongoza munthu amene ali ndi malo. Chachiwiri, wotsegula shopu akayamba kuchita zake, kaya kusintha muyezo wa nyama kaya kusiya ukhondo, sakukangana ndi mwini dzina yekha, akukangana ndi landilodi wake. Chachitatu, ndipo apa mumvetsetse, ndalama za malo abale aja analibemo gawo. Mgwirizano wawo unkanena za malonda a chakudya basi. Mpaka lero, pa ndalama zimene kampaniyi imalandira kwa oyendetsa mashopu, za lendi zimaposa za chilolezo, ndipo pa mashopu oposa 40,000 padziko lonse, pafupifupi 95 pa 100 aliwonse amayendetsedwa ndi anthu ogula chilolezo.

Mu 1961 Kroc anawafunsa mtengo woti achokeremo. Anatchula madola 2.7 miliyoni, kuti msonkho ukachoka aliyense atsale ndi miliyoni imodzi, ndipo anati akufuna ndalama yonse nthawi imodzi. Kroc analibe, anachita kukongola, ndipo pomaliza kubweza ngongoleyo inamudyera pafupifupi 14 miliyoni. Mu 1965 kampani inayamba kugulitsa masheya pa madola 22.50 imodzi.

Ndiye ine mawu akuti anaberedwa sindiwavomera. Mtengo anatchula okha, analandira wonse, ndipo miliyoni ya mu 1961 inali chuma choti munthu sangachimalize. Chimene sanachione ndi choti kampani inali itasamukira kale pa malo iwo akuyang'anabe burger. Funso langa kwa inu mayi ndi limodzi: nyumba ya ku Zombayo, lendi asaina ndani?

Amake Tadala, Leeds

A Kondwani, masamu anu ali bwino, koma mwadumpha pamene pamawawa, ndipo ndi pomwe mayiwa afunsa.

Pogulitsa paja, abalewo anakana kupereka malo awo oyamba a ku San Bernardino. Ankafuna kuwasiyira antchito awo akale. Kroc anakwiya kwambiri chifukwa ankayesa kuti malowo ali momwemo mu 2.7 miliyoni. Popeza dzina linali litagulitsidwa, chikwangwani chinatsitsidwa, malowo n'kutchedwa The Big M. Kenaka Kroc anakatsegula McDonald's yatsopano chapafupi pomwepo, ndipo patapita zaka zochepa Big M inatsekedwa. Lamulo silinaphwanyidwe, ndikuvomera. Koma munthu wakuphunzitsa ntchito, wakupatsa dzina la bambo ake, iwe n'kukamanga pakhomo pake kuti umugwetse, zimenezo kwathu timati nkhanza. Ndipo kwa zaka zambiri kampani inkatchula Kroc kuti ndiye woyambitsa, shopu ya ku Des Plaines n'kumatchedwa yoyamba. Richard zinkamupweteka zimenezi. Maurice anamwalira mu 1971, Kroc mu January 1984, ndipo mu November chaka chomwecho kampani inamuitana Richard ku New York kudzalandira burger yokwanitsa 50 biliyoni. Iye anamwalira mu 1998.

Palinso nkhani imene achibale ena a banja la McDonald amanena, yoti panali lonjezo lapakamwa, longogwirana chanza, loti abalewo azilandirabe kagawo ka malonda chaka ndi chaka, ndipo silinakwaniritsidwe. Pepala lake palibe, choncho mpaka lero ena amakhulupirira, ena amatsutsa. Achemwali, mawu a alamu anu aja akuti zolemberana n'zosafunika muwaike pafupi ndi nkhani imeneyi. Sindikunena kuti alamu anu ndi oipa. Mwina ndi munthu wabwino kwambiri. Koma iwo ali ndi akazi awo ndi ana awo, inunso muli ndi anu, ndipo tsiku lina okhala pansi kukambirana adzakhala anawo, inu nonse kulibe. Ine ndinazionera kwathu pa chigayo cha malemu agogo. Amene anapangana anamwalira, otsala aliyense ankakumbukira zake, ndipo pali azakhali amene mpaka pano sitipatsana moni.

China chimene ndikufuna muchiganizire. Zakudya zotchuka za McDonald's zambiri sizinachokere kulikulu. Filet-O-Fish, burger ya nsomba, anaiyambitsa Lou Groen ku Cincinnati mu 1962, chifukwa dera lake linali la Akatolika ambiri amene Lachisanu sankadya nyama, malonda n'kumagwa. Big Mac anaiyambitsa Jim Delligatti ku Pennsylvania mu 1967. Egg McMuffin ndi ya Herb Peterson wa ku Santa Barbara. Onsewa anali oyendetsa mashopu, ndipo zimene anapeka zinakhala za kampani. Tsono alamu anu akakafika ku Zomba n'kupeka burger ya chambo, ana a sukulu n'kuikonda kuposa yanu, idzakhala ya ndani? Inu mudzaloledwa kuigulitsa ku Limbe? Nanga akadzafuna kutsegula yachiwiri ku Liwonde, adzakupemphani kapena adzangokuuzani?

Amalume a ku Joni

Amake Tadala anena zoona, ndipo mtima wanga uli kwa abale aja. Ndingoonjezera za dzina, chifukwa mlandu wake unachitikira konkuno.

McDonald's inalembetsa dzina lake ku South Africa mu 1968, koma sinatsegule shopu ngakhale imodzi nthawi yonse ya tsankho. Mu 1993 kampani ya Joburgers, ya George Sombonos mwini wake wa malo ogulitsa nkhuku yokazinga a Chicken Licken, inapempha kuti dzinalo lifufutidwe m'kaundula popeza eni ake sakuligwiritsa ntchito, kuti iyo ilitenge. Ndipo kukhothi loyamba mu 1995 McDonald's inagonja! Inadzapambana pa apilo mu 1996, khothi litaona kuti dzinalo ndi lodziwika kale pakati pa anthu a kuno ngakhale shopu kunalibe. Shopu yoyamba inatsegulidwa mu November 1995 ku Blackheath, mlandu uli mkati. Pambuyo pake, mu 2011, chilolezo cha dziko lonse lino chinapita kwa a Cyril Ramaphosa, amene anadzachigulitsa asanakhale pulezidenti.

Ngati kampani yaikulu chotero, ndi maloya ake onse, inatsala pang'ono kutaya dzina lolembetsa kale, nanga dzina longolembedwa ndi penti pakhoma ku Limbe? Achemwali, kodi munalilembetsa kuboma? Ndipo sindikunena setifiketi ya bizinesi yokha ayi, kulembetsa dzina ngati chizindikiro cha malonda n'kwina. Wina akayamba ndiye kukalembetsa, inu mudzavutika kutsimikiza kuti munaliyamba ndinu.

Za sosi musapereke kapangidwe kake. Makampani a kuno satipatsa ife kapangidwe, amatitumizira sosi wopangapanga m'zigubu zomata, ife n'kumangothira. Zaka 11 ndathira sosi amene sindidziwa zonse zili m'kati mwake, ndipo sindinaonepo kuti andichitira chipongwe. Kroc nayenso anadziwa kuti shopu yakutali imasochera ikapanda kuphunzitsidwa, n'chifukwa chake mu 1961 anatsegula sukulu yophunzitsa oyendetsa mashopu m'chipinda chapansi cha shopu ya ku Elk Grove Village. Antchito a ku Zombawo ayambe agwira kwa inu mwezi umodzi. Burger ya ku Zomba ikakhala yozizira, anthu adzanyoza dzina lanu, sadzatchula alamu.

Kondwani, Area 47

Amake Tadala, za Big M sindikukana, anachita zoipa. Ndimangofuna mayiwa asachoke pano ndi maganizo oti vuto linali kulola munthu wina kugwiritsa ntchito dzina. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi abale aja ankalandira 0.5 yawo, dzina likadali lawo. Linachoka tsiku limene anasaina kuligulitsa. Kubwereketsa ndi kugulitsa zilembedwe mosiyana, ndipo pepalalo linene zaka zingati, dera liti, ndiponso chimene chidzachitike wina akafuna kutulukamo kapena akamwalira. Kangachepe kajanso kakhale ndi nambala, ndipo kawerengedwe pa malonda, osati pa phindu, chifukwa phindu munthu amatha kulibisa m'mabuku.

Nangondo, Limbe

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri, kachitatu ndinawawerengera bambo a kunyumba. Poyamba anakhumudwa, ankaona ngati ndikuwayesa ang'ono awo wakuba. Pamene ndinafika pa chigayo cha agogo a Amake Tadala anakhala chete, chifukwa kwawonso kuli munda umene unadanitsa anthu chimodzimodzi.

Amalume, mwandigwira pamene. Setifiketi ya bizinesi ndili nayo, koma dzina ngati chizindikiro sindinalembetse, sindinkadziwa n'komwe kuti n'zosiyana. Lolemba ndikayamba zimenezo. A Kondwani, nyumba ya ku Zomba alamu anaipeza kale ndipo amafuna asaine okha. Ndalama zoti ndilipire lendi ya nyumba ziwiri ndilibe, ndisaname. Koma ndiwapempha kuti dzina langa likhalepo nawo papepala la landilodi, ndipo tilembe kuti tikadzasiyana chikwangwani chidzatsika n'kubwerera ku Limbe.

Loweruka ndiwauza kuti ndavomera, zaka zitatu poyamba, Zomba yokha. Ndaitananso amalume awo a bambo kuti adzakhalepo ngati mboni, kuti zisaoneke ngati nzeru za mkazi wobwera. Sosi ndizipanga ndekha n'kumatumiza pa minibasi Lachiwiri ndi Lachisanu. Chimene chikundivutabe ndi mabanzi, chifukwa mayi wa ku Bangwe uja uvuni wake ndi umodzi ndipo sangakwanitse malo awiri. Ngati alipo amene akudziwa wophika mabanzi ofewa bwino ku Zomba, cha ku Chinamwali kapena ku Matawale, andiuze lisanafike Loweruka.